Mtima wachinayi pa bwalo la beni: zomwe lamba wa pachifuwa anatiululira ku Mangochi

Ntchito yanga ndi ya zomveka ndi zowunikira pa zisudzo ndi magule. Lipoti ili ndikulembera anzanga amene ayamba kumangirira tizipangizo pa matupi a ovina ndi oimba kuti thupi lenilenilo lizilamula phokoso kapena kuwala. Ndi nkhani ya mnyamata mmodzi wa zaka 19, wa m'gulu lina la beni kufupi ndi boma la Mangochi. Dzina lake, la mudzi wake ndi la gululo sinditchula. Zonse zili panozi ndinamuwerengera kaye, iye n'kuvomera kuti zituluke.

Chomwe tinkafuna kupanga

Beni ndi gule wa ligubo. Anabadwa potsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake ovina amavala makhaki ndi mamendulo, n'kumaponda motsatira wezulo ndi ng'oma. Pa beni thupi limamvera lamulo. Ine ndi mtsogoleri wa gululo tinafuna kuzitembenuza kwa kanthawi, kuti ng'oma ndi imene imvere thupi. Ovina anayi aime pamzere osagwedezeka, mtima wa aliyense uzimveka pa sipika ngati ng'oma yakuya, babu la kumbuyo kwake likuphethira limodzi nawo, ndipo oimba ng'oma atenge liwiro kuchokera pamenepo. Gule akafika pachimake wezulo ilire, onse aime chilili, anthu amvetsere mitima inayi ikutsika pang'onopang'ono.

Sitinali oyamba. Mu 1965 Alvin Lucier wa ku America anagwiritsa ntchito mafunde a ubongo wake kunjenjemeretsa ng'oma ndi zoimbira zina, ndipo mu 2006 Rafael Lozano-Hemmer anaonetsa Pulse Room ku Puebla, m'dziko la Mexico, momwe mababu ambirimbiri ankaphethira ndi mitima ya anthu odzaona. Koma zimenezo zinkachitikira m'nyumba, munthu atakhala kapena ataima phee. Ife tinali pansi pa mtengo wa mango, mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, anyamata akuponda mpaka fumbi kobo.

Zipangizo ziwiri zoyamba zinatikanika, ndipo ndizitchule mwachidule kuti wina asatayirepo ndalama. Sensa yoyeza chinyezi cha pakhungu, imene imakwera munthu akachita mantha kapena kusangalala, inkangodzaza pamwamba pasanathe mphindi zitatu chifukwa cha thukuta. Sensa ya kuwala kobiriwira, ija amaika pa chala kapena pa khutu yolumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, imawerenga mtima poona mmene magazi akusinthira kuwala kobwerera kuchokera pakhungu. Munthu akakhala phee imagwira. Akayamba kuponda imasokonezeka, n'kuyamba kuwerenga mapazi m'malo mwa mtima. Tsiku lina ovina onse anayi anaonetsa kugunda 120 pa mphindi, ine n'kusangalala kuti mitima yagwirizana, pamene inali ng'oma yaikulu ikudziwerenga yokha kudzera m'miyendo yawo. Onjezerani apo kuti khungu lakuda limameza kuwala kobiriwira kochulukirapo, ndiye chizindikiro chimabwerera chofooka kale.

Tinamaliza ndi malamba a pachifuwa a othamanga, anayi, a Polar H10, obwereka. Awa saona kuwala, amamva mphamvu yamagetsi ya mtima weniweniwo, ndipo thukuta limawathandiza m'malo mowasokoneza. Lamba amatumiza pa Bluetooth nthawi yapakati pa kugunda kulikonse, kabokosi ka ESP32 kamalandira n'kupereka ku laputopu, ndipo pulogalamu ya Pure Data imasandutsa manambalawo kukhala phokoso ndi kuphethira kwa babu. Uthengawo umabwera pafupifupi kamodzi pa sekondi, choncho chomwe anthu amamva ndi mtima womangidwanso, wochedwa pang'ono, osati kugunda kwa nthawi yomweyo. Magetsi tinkatenga ku batire ya galimoto yotchajidwa ndi sola.

Chizindikiro choyamba

Tsiku loyamba la malamba ndinachita chinthu chimodzi chomwe chinadzatipulumutsa, ngakhale ndinachichita pofuna kuyesa zipangizo basi. Wovina aliyense ndinamukhazika pamthunzi mphindi zisanu, n'kumuwerenga mtima pa mkono ndi zala, asanavale chilichonse, kenako n'kumuveka lamba kuti ndione ngati manambala akufanana. Zonse ndinalemba m'kope, ndi tsiku lomwe. Atatu anali pa 64, 71 ndi 78. Mnyamata wathuyu anali pa 106 ndi zala, 108 ndi lamba.

Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Izi ndinkazidziwa. Ndinasinthanitsa malamba, nambala inatsata munthu, osati lamba. Kenako ndinayamba kudzipezera zifukwa. Mnyamatayu ndi mmodzi wa alovi, usiku amakhala pa nyanja akupha usipa ndi nyali, ndiye ndinati n'kusagona. Tsiku lina ndinati wabwera pa njinga kukutentha. Tsiku linanso ndinati ndi manyazi pamaso pa atsikana oimba.

Chifukwa chenicheni chomwe sindinafunsire zambiri ndi ichi: mtima wake unkamveka bwino. Pamene mitima itatu inkayenda pang'onopang'ono, wake unkadumpha pakati pawo, pafupifupi katatu pa kuwiri kwa anzake, ndipo mkulu woimba ng'oma yaikulu anaukonda n'kumangirapo kaimbidwe kake. Chiyambi chonse cha gule chinatsamira pa mtima umenewo. Kwa masabata awiri tinakongoletsa gule ndi chizindikiro cha matenda, ndipo ine ndi amene ndinali ndi manambala pamaso.

Kuvulala koyamba sikunali kwa thupi. Popeza babu lililonse linali kumbuyo kwa mwini wake, aliyense ankaona kuti wothamanga mtima ndi ndani. Anzake anayamba kumutcha msilikali wamantha. Ana odzaonerera anatengera dzinalo kumudzi. Ena ankaloza mtsikana wina pakati pa oimba n'kumati ndi amene akuthamangitsa babu. Iye ankaseka nawo, koma ndinaona kuti wayamba kufika mochedwa, nthawi yoima pamzere itadutsa.

Tsiku lomwe anakhala pansi

Sabata yachitatu tinavina gule yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wezulo italira, onse anaima. Mitima itatu inatsika mooneka, wina kuchoka pa 168 kufika pa 139 m'mphindi imodzi. Wake unali pa 191, ndipo mphindi itatha unali pa 186. Anayamba wagwira mawondo, kenako anakhala pansi, akuti maso achita mdima. Sipika inali ikugundabe mtima wake pamaso pa anthu onse. Ndinathamangira ku laputopu n'kuzimitsa, ndipo ndikuvomera kuti ndinachedwa ndi masekondi ambiri.

Usiku womwewo ndinaimbira mnzanga wina amene ndi namwino, osamutchulira dzina la munthu. Anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ndisayerekeze kutchula matenda, lamba wa othamanga si chipangizo cha kuchipatala ndipo ine si dokotala. Chachiwiri, mtima wopitirira 100 munthu atapuma, masiku ambiri motsatizana, kuphatikiza chizungulire, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala sabata yomweyo, ndipo asavinenso mpaka atayezedwa.

Ndinasankha kulankhula naye yekha, osadzera kwa mtsogoleri wa gulu. Ndinaona kuti nkhani ya thupi lake yamveka kale ndi anthu ochuluka popanda iye kufunsidwa. Ndinamupeza kudooko m'mawa, akuyanika usipa pa thandala.

“Achimwene, ine si dokotala,” ndinatero, “koma kope ili likuonetsa kuti mtima wanu umathamanga ngakhale mutakhala pansi, kuyambira tsiku loyamba. Ndinayenera kukuuzani kale. Tiyeni akakuoneni kuchipatala, kabaza ndilipira ine.”

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa: “Akulu, ndiye kuti mundichotsa?”

Funso limeneli anzanga mulisunge. Kwa wovina, nkhani ya thanzi yochokera kwa mwini zipangizo imamveka ngati kuchotsedwa ntchito. Ndinamulonjeza kuti malo ake ndi ake, kaya avine kaya asavine. Atamasuka ndi pamene anandiuza kuti wakhala akutopa msanga pokoka khoka, ndiponso kuti pomaliza kukodza pamatuluka magazi. Izi anazinena ngati nkhani wamba. Anati zinayamba ali mwana, ndipo anzake ambiri a kunyanja zimawachitikira.

Kuchipatala anamuyeza magazi ndi mkodzo. Mulingo wa magazi unali 8.6, pamene kwa mwamuna wamkulu wochepera 13 amawerengedwa kale kuti magazi achepa. Mu mkodzo anapezamo mazira a likodzo. Matendawa ndi odziwika m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire: tizilombo timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu la munthu wosamba, wochapa kapena wowedza, ndipo mazira ake amavulaza chikhodzodzo n'kumatayitsa magazi pang'onopang'ono. Magazi akachepa, mtima umathamanga kuti mpweya ufikebe m'thupi monse. Adokotala anati kadyedwe ndi malungo obwerezabwereza zingakhale zinathandizira. Anamupatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel molingana ndi kulemera kwake, ndi mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu, n'kumuuza kuti ayambe wapuma ku ntchito zolemetsa.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti nkhani yatha bwino.

“Lamba wamupopa magazi”

Patapita masiku atatu mtsogoleri wa gulu anandiimbira kuti ndisabwere ndi zipangizo. Mawu oti magazi achepa anali atafika kwa agogo ake a mnyamatayo, ndipo agogowo anawalumikiza ndi chinthu chimodzi chachilendo chomwe chinakhudza thupi la mdzukulu wawo mwezi umenewo. Lamba womangidwa pamtima, mlendo wokhala ndi laputopu, mababu ofiira ophethira ngati magazi akuyenda. Makolo a ovina awiri analetsa ana awo kubweranso.

Agogowo sindiwaseka, ndipo musawaseke. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu, ndipo pakati pa okayikiridwa panali alendo ndi anthu onyamula zipangizo zosadziwika. Aliyense wofuna kuika sensa pathupi la munthu m'Malawi muno akulowa m'mbiri imeneyi, afune asafune. Ine ndinapempha chilolezo kwa ovina ndi kwa mtsogoleri wawo, n'kuona ngati zakwana popeza onse ndi opitirira zaka 18. Kwa amfumu ndinangonena kuti tikukonza gule wa magetsi. Kwa eni mbumba sindinapiteko n'komwe. Kuno mwana wa mlongo wako ndi wako ngakhale atamera ndevu, ndipo ndinkazidziwa bwino, kungoti sindinaganize kuti lamba ndi nkhani yofika nayo kwa amalume.

Apa panali povuta kuposa pena paliponse. Umboni wotiyeretsa unalipo: kope losonyeza 106 lamba asanamukhudze, ndi buku lake la kuchipatala lotchula likodzo. Koma kuutulutsa pa bwalo kunali kuulula pagulu kuti mnyamata wosakwatira amakodza magazi. Khoswe anali atakhala pamkhate. Mtsogoleri wa gulu ankafuna tiitanitse msonkhano wa mudzi wonse tsiku lomwelo, ndipo ndikumvetsa, dzina la gulu lake linali pamoto. Ndinakana, n'kunena kuti mwini nkhani ayambe wanena yekha amene angamve.

Mnyamatayo anasankha anthu atatu: amalume ake, amfumu, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Agogo anati awauza amalume. Tinakhala pakhonde la amfumu. Ndinayamba ndi kupepesa kuti ndinalowa m'mudzi ndi zinthu zogwira thupi osafika kwa eni ake. Kenako ndinayala lamba pamphasa, n'kutsegula kabokosi kake kuti aone kabatire kofanana ndi ka wotchi, kuti mulibe singano, mulibe paipi, mulibe posungira madzi alionse. Mlangizi anafotokoza za nkhono ndi likodzo mwa njira yomwe ine sindikanatha, n'kukumbutsa kuti ndi mankhwala omwe aja ana amamwa kusukulu.

Amalume sanayankhe msanga. Anatenga kope n'kuyang'ana tsiku, kenako anati: “Bambo, ndivekeni ineyo.” Tinawaveka. Ndinawaonetsa pogwira pa mkono, iwo akuwerenga ndi zala, babu likuphethira mofanana. Anaimirira, n'kuyenda mofulumira kuzungulira nyumba kawiri, babu linafulumira. Atakhala pansi linatsika. Anavula lamba, n'kuyang'ana pachifuwa pawo, n'kunena kuti: “Chinthuchi chimangomvetsera.” Mawu amenewo ndi amene anayenda m'mudzi, ochokera pakamwa pawo, ndipo za mkodzo sizinatuluke pakhonde paja.

Banja limodzi linabweza mwana wawo sabata yotsatira. Lina silinabweze mpaka lero, ndipo sitinalikakamize.

Zomwe tinasintha pa gule

Poyamba ndinafuna kubisa zonse. Ndinakonza pulogalamu kuti mtima wa aliyense uziyezedwa poyerekeza ndi mulingo wake wopumira, kuti onse aziyambira pa liwiro limodzi ndipo pasaoneke wothamanga. Mwaukadaulo zinatheka madzulo amodzi. Mkulu wa ng'oma anamvetsera n'kupukusa mutu. “Mwana wanga, iyi si mitima, ndi makina. Ndiimbira chiyani pamenepa?” Ankanena zoona. Kukoma konse kunali m'kusiyana kwa mitima, ndipo nditaisalaza inatsala ngati wotchi zinayi.

Tinakangana masiku awiri, ndipo yankho linachokera kwa mmodzi wa atsikana oimba, amene anafunsa chifukwa chomwe babu liyenera kukhala kumbuyo kwa mwini wake. Tinachotsa mababu pamzere n'kuwapachika pamodzi mu mtengo, ndipo pulogalamu imasakaniza mwachisawawa kuti mtima uti upite ku babu liti nthawi iliyonse tikayamba. Mitima ndi yeniyeni, liwiro lake ndi lenileni, koma woonera sangaloze kuti uwu ndi wa uje. Ngakhale ovina eni ake sadziwa. Ndinapeza kuti anthu amamvetsera mwachidwi kwambiri akamalephera kuloza chala, ndipo mababu tinawasintha kukhala oyera.

Wovina aliyense tsopano ali ndi chizindikiro chomwe tinagwirizana, kugwira chipewa ndi dzanja lamanzere, ndipo akatero ndimatsitsa mtima wake pang'onopang'ono osafunsa chifukwa. Pa laputopu, manambala okhala ndi mayina amaoneka kwa ine ndekha, ndipo wina akapitirira mulingo womwe tinagwirizana kapena akapanda kutsika wezulo italira, phokoso lake limazima lokha, ine n'kupatsa mtsogoleri chizindikiro. Mafailo a masabata atatu oyamba, omwe ndinkasunga ndi mayina popanda chifukwa chenicheni, ndinafufuta pamaso pa gulu. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, koma kunena zoona, chomwe chinandifufutitsa si lamulo, ndi nkhope ya mnyamata uja akufunsa ngati ndimuchotsa.

Chosintha chachikulu chili pa zomwe timanena tisanamuveke munthu lamba. Kale ndinkangofunsa ngati akulola. Tsopano ndimamuuza kuti chipangizochi chingaonetse chinthu chokhudza thanzi lake chomwe iye sakuchidziwa, n'kumufunsa ngati akufuna ndidzamuuze, ndiponso ndani wina amene angamve. Funsoli n'lolemera kwambiri kwa amayi ndi atsikana, chifukwa mtima wopumira umakweranso munthu akakhala woyembekezera, ndipo sipika ingathe kulengeza zomwe mwini wake sanauze aliyense. Kuwerenga ndi zala munthu asanavale kanthu kwakhala lamulo, ndipo amalemba m'kope ndi mwini wake, ndi dzanja lake. Kwa amfumu ndi kwa eni mbumba timapita ndi lamba m'manja, n'kuwapempha kuti ayambe ndi iwo kuvala.

Mmene zinathera

Tinaonetsa gule koyamba kumayambiriro kwa Disembala, mvula itagwa kale kamodzi, pa bwalo la sukulu madzulo. Mnyamatayo sanavine. Anaima pambali atavala khaki wake, ndipo wezulo yoimitsa gule analiza ndi iye.  Wezulo italira bwalo linati zii, mpaka ana, ndipo kwa mphindi ziwiri anthu anamvetsera mitima ikutsika mu mtengo muja. Mayi wina wachikulire pafupi ndi ine anali atagwira pachifuwa pake.

Patatha masabata khumi chiyambire mankhwala, anabwera yekha ndi buku lake la kuchipatala kudzandionetsa kuti mulingo wa magazi wafika pa 11.9. Tinakhala pamthunzi mphindi zisanu, anadziwerenga pa mkono, n'kulemba 79. Adokotala anali atamulola kuvina, ndipo anabwerera pamzere. Mkulu wa ng'oma anayenera kukonzanso chiyambi chonse, chifukwa kudumpha kuja komwe anamangirapo kaimbidwe kake kunalibenso.

Kunyanja anabwerera kale kwambiri tsikuli lisanafike, sabata yachitatu ya mankhwala, popeza pakhomo pawo usipa ndiwo ndalama. Praziquantel amapha tizilombo tomwe tili m'thupi koma sateteza munthu akalowanso m'madzi omwewo, ndipo mlangizi wa zaumoyo anamuuza kuti azikayezetsa mkodzo nthawi ndi nthawi. Tsamba lake m'kope analing'amba n'kupita nalo kwawo, ndipo amabwera nalo yekha tsiku lililonse lokonzekera gule.